Njanji ikamadutsa m'tchire: mafunso ndi mayankho pa kuteteza nyama ndi malo ake pa nthawi yomanga

Pakangomveka zoti kubwera njanji yatsopano, kapena kuti yakale ikonzedwa, mafumu, makomiti a zachilengedwe a m'midzi, akapitawo ndi ophunzira za uinjiniya amafunsa mafunso ofananafanana. Tawayankha pano potengera njanji ya Nacala, yomwe imadutsa m'dziko muno, ndi njanji zina zakunja zomwe zinadutsa m'malo a nyama.

Njanji n'kanjira kopyapyala. Ingawononge bwanji tchire lalikulu?

Zitsulo ziwiri za njanji zathu zimatalikirana mamilimita 1,067 okha, koma chomwe chimamangidwa si zitsulo zokhazo. Sitima yolemedwa ndi katundu siikwera chitunda ngati lole. Imafuna njira yokwera pang'onopang'ono, mita imodzi kapena iwiri pa mamita 100 aliwonse. Ndiye pachigwa omanga amaunjika dothi mpaka kukhala chitunda chachitali, paphiri amakumba mpata wakuya, ndipo m'mbali mwake mumabwera msewu wa malole, maenje okumbamo gelevulo, malo oswera miyala ya kwale ndi makampu a antchito. Mzere wolambulidwa umafika mamita 30, 50, pena kuposerapo, n'kuyenda makilomita mazana.

Kwa nyama, chitundacho ndi khoma. Msipu utsala uku, madzi atsala uko. Madzi a mvula nawo amasintha njira, dambo lina n'kuuma, lina n'kusanduka thamanda. Chachitatu ndi anthu omwe ntchitoyo imawalowetsa m'tchire momwe kale munalibe msewu, ndipo kuno kwathu chimenechi ndiye chimapha nyama zambiri kuposa katapila.

Kuno ku Malawi nkhaniyi ikutikhudza pati?

Njanji ya Nacala ndi yotalika makilomita 912, kuchokera ku migodi ya malasha ya Moatize kukafika ku doko la Nacala ku Mozambique. Chigawo chatsopano cha m'Malawi, chomwe kampani ya Vale inayamba kumanga mu 2012, chimayambira pa Kachaso ku Chikwawa, kudutsa ku Mwanza ndi Neno, kukalumikizana ndi njanji yakale pa Nkaya ku Balaka, mtunda wa makilomita oposa 130, ndipo sichili kutali ndi nkhalango ya Majete. Chigawo cha Nkaya mpaka Nayuchi, chomwe chinatsegulidwa mu 1970 ndipo chinakonzedwanso, chimawoloka Shire pa Liwonde, kudutsa chakumwera kwa paki ya Liwonde, n'kukafika m'malire podzera pakati pa nyanja za Chilwa ndi Chiuta. Kumunsi kwa Shire, njanji ya Marka mpaka Bangula ili moyandikana ndi madambo akuluakulu. Nyanja ya Chilwa ndi dambo la Elephant Marsh zonse zili pa mndandanda wa madambo otetezedwa ndi pangano la mayiko la Ramsar. Elephant Marsh inalowamo mu 2017.

Koma musangoyang'ana ku mapaki. Ngaka, akamba, nsato, ng'azi, nungu, akatumbu, akadzidzi ndi mileme zambiri zimakhala kunja kwa mpanda uliwonse, m'malo a mafumu, ndipo kumeneko kulibe woziyang'anira.

Kuteteza kumayamba liti?

Mzere wa njanji usanakhomeredwe zikhomo. Ndondomeko yomwe mabanki akuluakulu obwereketsa ndalama amafuna, yomwe ilinso mu muyezo wa nambala 6 wa bungwe la IFC, nthambi ya World Bank yobwereketsa ndalama kwa makampani, imayenda motere: choyamba pewani malowo, mukalephera chepetsani chiwonongeko, mukamaliza bwezeretsani, ndipo chomwe sichingabwezeretsedwe mulipire poteteza malo ena ofanana nawo. Anthu amathamangira chomalizachi chifukwa kubzala mitengo kumaoneka bwino pa chithunzi. Mphamvu yonse ili pa choyamba. Kusuntha mzere ndi mamita 500 pa mapu kuti ulambalale dziwe la mvuu ndi ntchito ya masiku ochepa ya mainjiniya. Dothi likaunjikidwa, palibe adzausunthenso.

Kafukufuku wa nyama ndi malo ake ayenera kuona nyengo zonse ziwiri, dzinja ndi chilimwe, kutanthauza chaka chathunthu. Woyenda m'tchire mu Ogasiti yekha sadzadziwa kuti pomwe wayimapo pamakhala thamanda la achule mu Januwale. Woyenda mu Febuluwale yekha sadzaona njira yomwe njovu zimatsikira ku mtsinje mu Okutobala. Pamafunika kuyenda wapansi mzere wonsewo kuwerenga mapazi ndi ndowe, kumangirira makamera ojambula okha m'mitengo ya m'njira za nyama, kupempha ku dipatimenti ya nyama zakutchire ndi kwa oyendetsa mapaki mapu a njovu zovekedwa makolala osonyeza komwe zikuyenda, ndiponso kukhala pansi ndi abusa a ng'ombe, asodzi ndi alenje akale. Iwowa amadziwa pomwe nguluwe zimawolokera kuposa kamera iliyonse.

Lamulo likuti chiyani?

Lamulo losamalira chilengedwe la 2017 limafuna kuti ntchito yaikulu ngati njanji iyambe yafufuzidwa momwe idzakhudzire chilengedwe ndi anthu, lipoti lomwe limadziwika kuti ESIA, ndipo bungwe la boma loteteza chilengedwe la MEPA livomereze ntchito isanayambe. Kutunga madzi ambiri mu mtsinje kapena kuupatutsa kumafuna chilolezo cha bungwe la National Water Resources Authority. Kudula mitengo m'nkhalango za boma kumadzera ku dipatimenti ya nkhalango. Ndipo chisinthireni lamulo la nyama zakutchire mu 2017, wopezeka ndi minyanga ya njovu, nyanga ya chipembere kapena ngaka akhoza kukakhala kundende mpaka zaka 30. Chipewa cha pa ntchito sichimuteteza munthu ku lamulo limeneli.

Podutsira nyama pamakhala pati, ndipo pakule bwanji?

Pakhale pomwe nyama zimadutsa kale. Cholakwika chofala ndi kutenga kalavati yomwe yaikidwa chifukwa cha madzi n'kuilemba pa pulani kuti ndi njira ya nyama, pomwe njira yeniyeni ya njovu ili makilomita awiri kutsogolo. Njovu imabwerera pa njira ya makolo ake, ikapeza chitunda imakwera, ikapeza mpanda imathyola.

Kukula kwake kumatengera nyama yaikulu ya m'deralo. Njovu yamphongo imapitirira mamita 3 pa phewa, ndipo siilowa pomwe denga likuioneka lotsika. Pansi pa mlatho pakhale mpata wa mamita 6 kapena kuposa kupita m'mwamba, ndipo m'lifupi mamita makumi angapo, chifukwa njovu zazikazi zimawoloka pagulu, ana ali pakati. Komwe kuli akadyamsonga, monga ku Majete, kumbukirani kuti wamkulu amapitirira mamita 5. Nswala, ngoma ndi mphalapala zimafuna pafupifupi mamita 4 m'mwamba ndi oposa 10 m'lifupi. Fisi, kambuku ndi nungu sizivuta, zimalowa ngakhale m'kalavati ya mita imodzi ndi theka.

Chomwe ambiri amaiwala ndi kutalika kwa mphangayo. Chitunda chokwera mamita 10 chimakhala ndi tsinde lotambalala pafupifupi mamita 40, ndiye kalavati yoboola pansi pake ndi dzenje lamdima la mamita 40. Nyama yodya udzu, yomwe moyo wake wonse ndi kuthawa zilombo, siilowa pomwe sikuona kuwala ndi tchire kutsidya. Chitunda chikakhala chachitali, mlatho wa mizati umaposa kalavati kutali.

Pansi pake pakhale dothi la pamalopo, osati konkire kapena miyala yosongoka yotchingira madzi, yomwe imapweteka ziboda. Pa mtsinje, talikitsani mlatho kuti mbali zonse ziwiri kutsale gombe louma ngakhale madzi atadzaza. Umu ndi momwe njira ya nyama imapezekera motchipa, popeza mlathowo umayenera kumangidwabe. Pafupi ndi khomo lake pasakhale kampu, dzenje la gelevulo, mjigo kapena getsi. Anthu, ngolo ndi ng'ombe apatsidwe podutsira pawo pena, apo ayi adzatenga pa nyamapo, ndipo sitingawadzudzule. Malo a mbali zonse ziwiri akhale ogwirizanidwa ndi mafumu kuti sadzalimidwa. Njira yotulutsira njovu m'munda wa chimanga imathera pa kuwombera njovuyo.

Kodi izi zinayesedwapo kwina?

Ku Kenya, njanji yatsopano ya Mombasa mpaka Nairobi, yomwe inatsegulidwa mu 2017, inadutsa pakati pa mapaki awiri a Tsavo, mbali yaikulu ili pa chitunda chachitali chotchingidwa ndi mpanda. Anasiyamo mipata ya nyama, kuphatikizapo mlatho wa pafupifupi makilomita awiri pa mtsinje wa Tsavo. A bungwe la Save the Elephants pamodzi ndi a Kenya Wildlife Service anaveka njovu makolala kuti aone zomwe zichitike. Njovu zinaphunzira kudutsa, makamaka pansi pa milatho yotambalala, kawirikawiri usiku ndiponso mothamanga. Mipata ina inalowedwa ndi ziweto ndi anthu omanga pafupi, ndipo pambali pa njanjiyo pali msewu waukulu wa malole wopanda podutsira nyama, kotero kuti yopulumuka ku njanji imakakumana ndi thiraki. Chigawo chachiwiri cha njanji yomweyo chinadutsa m'paki ya Nairobi pa mizati, mtunda wa makilomita pafupifupi 6, pakati pa mikangano ndi milandu ya kukhoti.

Ku China, njanji ya Qinghai mpaka Tibet, yotsegulidwa mu 2006, ili ndi malo 33 odutsira nyama, ndipo pomanga ankaimitsa ntchito masiku omwe agwape a kumeneko amasamuka kukaswana.

Bwanji osangotchinga njanji yonse ndi mpanda?

Mpanda wopanda podutsira umamaliza ntchito ya khoma lija. Ntchito yake yeniyeni ndi kulondolera nyama ku mpata, choncho umangidwe mpata utatha, osati usanathe. Wa njovu ndi wamagetsi, wa mphamvu yoposa mavoti 6,000, ndipo umafuna munthu wouyendera tsiku ndi tsiku: udzu ukakhudza waya, kapena batire la sola likabedwa, usiku womwewo njovu zadziwa. Pomwe mpanda wathera m'pomwe ngozi zimachuluka, ndiye uthere pa mlatho kapena pa thanthwe, osati pa tchire lamyaa. Nyama ikalowa pakati pa mipanda iwiri imathamanga motsata njanji mpaka sitima kuipeza, choncho pakhale timitunda ta dothi totsamira mpanda mkati, toti ikwerepo n'kudumphira kunja.

Palinso vuto lomwe aliyense wogwira ntchito m'mapaki athu amalidziwa: waya wa mpanda ndi womwe umasanduka khwekhwe. Chitengereni paki ya Liwonde mu 2015, a bungwe loyendetsa mapaki la African Parks achotsamo misampha ya waya yoposa 30,000.

Nanga tinyama ting'onoting'ono?

Chitsulo cha njanji chimatalika pafupifupi masentimita 15. Kamba akalowa pakati pa zitsulo ziwirizo, makamaka pomwe msewu wadutsa njanji, sangatulukenso. Amayenda motsata njanji mpaka dzuwa kumupha. Mankhwala ake ndi otchipa: m'madera a akamba siyani kampata pansi pa zitsulo, pakati pa mitanda iwiri ya konkire, kapena ikanipo kangalande kotulukira kunja, monga anachitira ena ku Japan. Ngalande za konkire za m'mbali mwa njanji zikhale ndi potsetsereka potulukira achule, abuluzi ndi akanungu. M'kalavati yodutsa madzi chaka chonse, mangani kashelefu kouma ka theka la mita m'lifupi, pamwamba pa pomwe madzi amalekeza.

Pa nthawi yomanga, ngalande iliyonse yogona yosakwiriridwa ndi mbuna. Ikani thabwa lokhakhala kapena siyani potsetsereka pa mamita 50 aliwonse, tsekani kukamwa kwa mapaipi madzulo, ndipo m'mawa munthu ayendere ngalande zonse makina asanalizidwe. Njoka yopezekamo ichotsedwe ndi munthu wophunzitsidwa, wokhala ndi ndodo yake ndi ndowa yotsekera. Pa malo aliwonse ogwirira ntchito pakhale mmodzi wotero, chifukwa popanda iye njoka iliyonse imafa ndi fosholo.

Kulambula tchire kuchitike motani?

Malire a polambula akhomeredwe zikhomo zopaka utoto mbali zonse ziwiri, ndipo woyendetsa katapila awayendere wapansi ndi kapitawo wake asanakwere makina. Tsiku limodzi kapena awiri zisanachitike, gulu la odziwa nyama lidutsemo kuyang'ana zisa, mauna, mphako ndi zulu. Chulu chakale ndi mudzi: mumakhala njoka, ng'azi, nyenga, pena ngaka.

Lambulani kuchokera mbali imodzi kulowera komwe tchire likutsala, kuti nyama zikhale ndi kothawira. Kuzungulira kathengo n'kumalowera pakati kumazitsekera. Yambani ndi zitsamba, mitengo ikuluikulu ya mphako muisiye usiku umodzi kapena uwiri kuti mileme, achanga ndi akadzidzi asamuke okha. Osatentha. Mitengo yogwetsedwa iwerengedwe ndi a zankhalango n'kugawidwa kwa eni malo poyera. Ikangosiyidwa pamenepo imaitana owotcha makala, ndipo iwo akamaliza yogwayo sabwerera chimanjamanja.

Mtengo womwe mwaganiza kuusiya utchingidwe mozungulira pa mtunda wokwana kunenepa kwa thunthu lake kuchulukitsa ka 12: thunthu la theka la mita, mpanda pa mamita 6. Lole yoima pa mthunzi wake tsiku ndi tsiku imatsendereza dothi, mizu n'kulephera kupuma, mtengo n'kudzauma patapita zaka ziwiri kontilakitala atapita kale. Milambe ya ku Neno, Balaka ndi kuchigwa cha Shire iyenera kulambalalidwa pa pulani pomwe. Mlambe umodzi umasunga njuchi, mileme ndi mbalame zambirimbiri. Chimodzimodzi nkhalango za kumanda, madambwe ndi malo opatulika ngati Khulubvi ku Nsanje: m'madera ambiri ndi momwe mwatsala mitengo yachilengedwe yokhayo.

Dothi la pamwamba, masentimita 15 mpaka 30 oyambirira, lichotsedwe palokha ndi kuunjikidwa milu yosapitirira mamita awiri, kutali ndi madzi, osapondedwa ndi makina. Muli mbewu za udzu ndi mitengo ya pamalopo. Likasakanizidwa ndi katondo wa pansi, kapena kuunjikidwa phiri lalitali, limafa.

Pali miyezi yoti ntchito ina isagwiridwe?

Ilipo, koma palibe mwezi womwe uli wabwino kwa zonse. Ntchito ya mu mtsinje imayenera chilimwe, madzi ataphwa. Koma kuyambira Seputembala ng'ona zimaikira mazira m'mchenga wa m'gombe, ndipo amatenga pafupifupi miyezi itatu kuti aswe, ndiye wokumba mchenga ayambe wafufuza. Miimba imamanga zisa pansonga pa mitengo italiitali m'miyezi yozizira, imaikira dzira limodzi lokha pa chaka, ndipo phokoso likaithamangitsa chaka chimenecho chapita. Pa chisa chokhalamo siyani mamita mazana angapo, ambiri amati 500. Nswala zimaswa mvula ikamayamba, mbalame zing'onozing'ono zambiri zimaswa m'dzinja, ndipo mpasa ndi sanjika zimakwera mitsinje ngati Bua ndi Linthipe kukaswana madzi akachuluka. Kuyambira Seputembala mpaka Novembala nyama zonse zimadalira maiwe ochepa otsala, nthawi yomweyo yomwe malole a madzi othira pa fumbi ndi potsendera dothi amafuna madzi kwambiri. Dziwe la mvuu si potungira. Kontilakitala akumbe mijigo yake. Zonsezi zilembedwe pa kalendala ya ntchito kuyambira pachiyambi.

Madambo ndi mitsinje imawonongeka ndi chiyani kwenikweni?

Madzi saiwala khwawa. Dambo limayendetsa madzi mofalikira, pang'onopang'ono, pamwamba ndi pansi pa nthaka. Mukalidula ndi chitunda n'kusiya kalavati imodzi, kumtunda kumasanduka dziwe, kumunsi madzi amatuluka ndi ukali n'kukumba chigwembe, ndipo chigwembecho chimatsopa madzi a dambo lonse mpaka madimba kuuma. Pa dambo pamafunika makalavati ambiri omwazikana, tsinde la miyala yolola madzi kudutsa, kapena mlatho. Pansi pa kalavati pakhale motsikirako pang'ono kuposa pansi pa mtsinje kuti mulowe mchenga. Ikakhala pamwamba, kumunsi kwake kumakhala kamathithi komwe matemba ndi milamba sizingakwere. Apa zofuna nsomba ndi zofuna njanji n'zimodzi. Madzi anakokolola njanji pa Chiromo mu 1997, ndipo anamondwe a Ana mu 2022 ndi Freddy mu 2023 anaonetsa kuchuluka kwa madzi omwe mipata ya kuchigwa cha Shire iyenera kulandira.

Matope ndi mdani wina. Amatseka makha a nsomba ndi kukwirira timiyala tomwe mpasa zimaikirapo mazira. Bzalani vetiva kapena udzu wa pamalopo pa chitunda mvula isanagwe, kumbani maenje oti madzi amatope adikhiremo asanafike ku mtsinje, ndipo pomanga mizati tchingani theka la mtsinje lokha nthawi imodzi. Paipi ya pampu ikhale ndi sefa, nsomba zotsala m'malo otchingidwawo ziwoledwe n'kubwezedwa.

Madzi otsukira makina a konkire amaoneka ngati madzi a phulusa wamba, koma pH yake, womwe ndi muyezo wa ukali wa madzi, imafika 12, pomwe nsomba zambiri sizipirira kupitirira 9. Atsukire m'dzenje loyalidwa pulasitiki, mamita osachepera 50 kuchokera ku madzi. Thanki ya dizilo ikhale pa simenti yozunguliridwa ndi kakhoma kotha kusunga mafuta onse a m'thankiyo ndi 10 peresenti yapamwamba. Kuthira mafuta ndi kusintha oyilo kusachitikire m'mbali mwa mtsinje, ndipo galimoto yothira mafuta iyende ndi mchenga kapena utuchi, fosholo ndi mgolo.

Mwati anthu ndiwo amapha nyama zambiri. Kampu ya antchito iyendetsedwe bwanji?

Anthu mazana angapo akafika pamalo, tsiku lomwelo pabadwa msika wa ndiwo ndi nkhuni. Wantchito sachita kupita yekha kukatchera. Amangogula, ndipo mnyamata wa m'mudzi yemwe kale ankapha gwape mmodzi pa mwezi amayamba kutchera misampha makumi. Choncho kampu ikhale kutali ndi malire a paki kapena nkhalango, makamaka pa malo olimidwa kale pafupi ndi msika. Kontilakitala adyetse antchito ake, nyama ndi nsomba zogulidwa kwa ogulitsa odziwika, ndipo aphikire gasi kapena magetsi. Kupatsa munthu ndalama ya chakudya n'kumusiya m'tchire ndi kumutuma kukadula tsanya.

Malamulo akhale ochepa ndi omveka: palibe kusaka, kugula, kudya kapena kunyamula nyama yam'tchire, palibe agalu, mfuti, malegeni kapena maukonde, palibe kunyamula makala pa galimoto ya kampani. Lomalizali ndi lofunika, chifukwa malole obwerera opanda katundu ndiwo amatulutsa matumba. Afotokozedwe m'chinenero chomwe munthu amamva, Chichewa, Chisena, Chiyao, Chilomwe, ndi cha antchito ochokera kunja, ndipo agwire bwana ndi waganyu mofanana. Makampani ang'onoang'ono olembedwa ndi kontilakitala wamkulu ndiwo amakonda kutsala kunja kwa maphunzirowa. Pa geti pazisechedwa galimoto zonse, ya bwana yomwe.

Waya awerengedwe ngati simenti. Waya womangira zitsulo, zingwe za mabuleki ndi zidutswa za kebulo zotayidwa ndi misampha ya mawa. Zinyalala za kukhitchini zitsekeredwe, chifukwa dzala lotseguka limaitana anyani ndi afisi, kenako wina amathira tameki pa nyama kuti athane nawo, n'kupha miimba yonse yodya mtembowo. Pa misewu ya ntchito liwiro lisapitirire makilomita 40 pa ola, 30 pafupi ndi madzi, ndipo usiku galimoto zisayende popanda chifukwa. Ngati ntchito ili m'paki kapena m'malire mwake, ndalama ya alonda a nyama owonjezera ichokere ku polojekiti.

Moto, kuphulitsa miyala ndi magetsi a usiku?

Kuwotcherera zitsulo za njanji kumatentha kupitirira madigiri 2,000, ndipo makina opala zitsulo amamwaza nthethe patali. Kuyambira Ogasiti mpaka mvula itagwa, palani udzu mozungulira, khalani ndi madzi ndi zozimitsira, ndipo munthu atsalire kwa theka la ola ntchito itatha. Miyala iphulitsidwe masana, pa ola lodziwika, malo atayenderedwa kaye. Magetsi aloze pansi, ndipo pafupi ndi njira za nyama ntchito ileke dzuwa likamalowa.

Ntchito ikatha, malo amabwezeretsedwa bwanji?

Dzenje la gelevulo ligumulidwe m'mbali kuti likhale lotsetsereka pang'ono, mita imodzi kutsika pa mamita atatu, kenako dothi la pamwamba lija libwezedwe. Losiyidwa ndi makoma oongoka limamiza ana ndi ng'ombe. Lomwe lili pafupi ndi njanji likasunga madzi limakokera nyama ku njanjiko, ndiye likwiriridwe ndithu. Misewu ya ntchito yolowa m'tchire igalauzidwe ndi kutsekedwa ndi ngalande ndi miyala ikuluikulu. Chikwangwani sichiletsa njinga yamoto ya makala.

Bulugamu ndi malaina si m'malo mwa nkhalango ya mombo ndi tsamba. Mitengo yachilengedwe imeneyi imaphukira bwino ku zitsa ndi mizu, ndiye kuteteza mphukira ku moto ndi mbuzi kwa zaka zingapo kumabweza tchire kuposa kubzala mbande. Pomwe mwabzala mbawa, mlombwa kapena msangu, werengani yomwe ili moyo patatha zaka zitatu, osati yobzalidwa pa tsiku la mwambo. Makina ochokera kwina atsukidwe matayala asanalowe, chifukwa dothi losokonezedwa ndi lomwe lantana ndi mtengo waminga wa Prosopis zimakonda, ndipo mapampu ndi maboti amasamutsa namasupuni.

Sitima ikayamba kuyenda, woyendetsa sangangoima akaona njovu?

Sangathe. Sitima ya malasha ya mabogi oposa 100 imatha kuyenda kilomita yathunthu kapena kuposa chigwirireni mabuleki, ndipo siikhota. Njanji ya Bulawayo mpaka Victoria Falls, yomwe imatsata malire a paki ya Hwange ku Zimbabwe, yakhala ikupha njovu ndi mikango kwa zaka zambiri. Ku paki ya Rajaji ku India, njovu zitafa zambiri m'zaka za m'ma 1990, a njanji ndi a zankhalango anagwirizana zochepetsa liwiro, kulondera njanji usiku ndi kudziwitsa oyendetsa, kudula zitsamba pa makona, kugumula makoma omwe njovu zinkapanikizikapo, kukonza maiwe kuti zisawolokere madzi, ndi kuletsa kutaya zakudya m'njanji. Kuyambira 2002 panapita pafupifupi zaka 10 osafa njovu pa chigawocho. Ku Banff ku Canada, tirigu wotayika m'mabogi ankakokera zimbalangondo pa njanji. Chimanga chotayika chingachite chimodzimodzi ndi nguluwe, anyani ndi nkhanga. Nyama yogundidwa ichotsedwe msanga, isanaitane afisi ndi miimba pa njanji pomwepo.

Zambiri mwa izi zimakonzedwa pomanga: makona oonekera patali, mipata yokumbidwa yokhala ndi pothawira, zikwangwani za liwiro.

Malipoti amalembedwa bwino. N'chifukwa chiyani pamalo pamachitika zina?

Chifukwa kontilakitala amagwira zomwe zili ndi mtengo pa mndandanda wa ntchito zolipidwa. Lipoti likati dothi la pamwamba lisungidwe, koma pa mndandandawo palibe mzere wake, woyendetsa makina yemwe amayezedwa ndi kuchuluka kwa dothi lomwe wasuntha sadzalisunga. Chilichonse chomwe tatchula pano, mpata wa nyama ndi miyeso yake, dzenje lotsukira konkire, gasi wa kukhitchini, kukwirira maenje, chilowe m'kontilakiti ndi mtengo wake, ndipo gawo la malipiro ligwiridwe mpaka malo atabwezeretsedwa ndi kupirira dzinja limodzi.

Woyang'anira zachilengedwe akhale ndi mphamvu yoimitsa ntchito, ndipo aziyankha kwa injiniya woimira mwini ntchito. Wolipidwa ndi kapitawo yemwe akufuna kumuimitsayo amangolemba malipoti. Makamera a pa mipata ya nyama apitirire zaka zitatu kapena zisanu njanji itatsegulidwa, popeza nyama zina zimatenga nthawi kuzolowera, ndipo pakhale ndalama yokonzera zomwe zapezeka kuti sizikuyenda.

Ndapeza ngaka kapena nyama yovulala pamalo a ntchito, kapena ndaona zolakwika. Nditani?

Imitsani makina pamalopo, anthu atalikire, ndipo muitane woyang'anira zachilengedwe, yemwe adziwitse a dipatimenti ya nyama zakutchire. Ngaka ikaopsedwa imadzipinda n'kukhala phee. Musaitambasule, musainyamulire kumchira, musaitengere kunyumba kapena kwa mfumu, ndipo musaike chithunzi chake pa Facebook kapena WhatsApp, chifukwa ogula amaona pomwepo. Ngati ili pangozi, ikani m'bokosi lolowa mpweya pa mthunzi mpaka eni ntchito afike. A Lilongwe Wildlife Trust amagwira ntchito ndi boma populumutsa ndi kuchiza nyama zotere. Njovu, njati kapena mvuu yovulala musaiyandikire n'komwe. Mwana wa gwape wopezeka yekha m'udzu nthawi zambiri sanatayike, make ali pafupi, musiyeni.

Mukaona mafuta kapena madzi a simenti akulowa mu mtsinje, kulambula kopyola zikhomo, kapena nyama yam'tchire ikugulitsidwa pa kampu, lembani tsiku, malo ndi nambala ya galimoto. Kaperekeni ku komiti yolandira madandaulo ya polojekitiyo ndipo muuze wolandirayo alembe m'buku inu mukuona. Zikapanda kusintha, pitani kwa mkulu woona zachilengedwe ku khonsolo ya boma lanu, kenako ku MEPA. Nkhani ya misampha, minyanga kapena ngaka ipite kupolisi kapena kwa alonda a nyama tsiku lomwelo.